Kanema wa mtchona: momwe ntchito yayendera kuyambira Malichi

9 Malichi 2024: zomwe tili nazo m'manja

Ndikulemba izi kuti amene akufuna kupanga kanema ndi ndalama za m'thumba mwake aone komwe ndalamazo zimapita ndiponso pomwe ntchito imakakamira. Kanema wake ndi wamfupi, wosapitirira mphindi 20. Mulibe ochita sewero, mulibenso nkhani yoti inayambira apa n'kukathera apo. Muli munthu mmodzi yekha, agogo anga aamuna, alongo awo a agogo amene anabereka mayi anga. Amakhala m'mudzi wina ku Dedza. Dzina lawo ndi la mudziwo sinditchula muno.

Agogowa anapita koyamba ku migodi ya golide ya ku Joni mu 1972, kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku migodi. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali ku migodi ya ku South Africa, ndipo ambiri ankakwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako sitima yapamtunda mpaka ku Johannesburg. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kwawo. Kamuzu anatseka njira ya ku migodi, ndipo agogo anabwerera kumudzi kontirakiti yawo itatha. Njirayo itatsegukanso mu 1977, tsopano ikutchedwa Theba, anapitanso. Mu 1988 kulemba Amalawi kunatheratu chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi pofuna kuona kachilombo ka HIV. Anzawo anabwerera, iwo anatsala komweko, natchona. Anadzatulukira mu 2008 pa basi ya anthu othawa zipolowe zolimbana ndi alendo, atanyamula bokosi lachitsulo. Anapeza akazi awo anamwalira kalekale, ana awo ali ndi ana awo.

Tsopano ayamba kuiwalaiwala. Za dzulo sazidziwa, koma za ku hositelo ya ku mgodi amazinena mpaka mtundu wa bulangete lomwe ankafunda. Kanemayu ndikufuna akhale m'kati mwa zimenezo.

Kamera ndi DSLR yakale ya mnzanga, yokhala ndi lenzi ya 50mm ndi ina ya 18-55mm. Tagwirizana K150,000 pa ntchito yonse, ndipo wojambula akhala iye mwini. Chojambulira mawu cha Zoom H1n ndabwereka. Ndagula makhadi awiri a 64GB pa K28,000 iliyonse, hard drive ya 1TB pa K165,000, mabatire a AAA ochajidwa ndi chaja yake pa K32,000. Kuchokera pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, wogulitsa aliyense amakuuza kuti ugule lero chifukwa mawa mtengo usintha, ndipo nthawi zambiri sanama.

Tijambula pa mafuremu 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pa furemu iliyonse) ya 1/50, chifukwa magetsi a kuno ndi a 50Hz, ndipo mukajambula pa 30 pafupi ndi babu chithunzi chimaphethiraphethira. Kanemayo adzakhala wakuda ndi woyera, wa 4:3. Tamata tepi mbali zonse ziwiri za sikirini ya kamera kuti wojambula aziona malire ake.

30 Malichi 2024: chilolezo

Ndinayambira kwa amalume popeza ndiwo mwini mbumba, kenako tinapita limodzi kwa amfumu titanyamula nkhuku ya K9,000 ndi shuga. Amfumu anandifunsa kuti, "Kodi eni akewo avomera ali bwinobwino, kapena avomera mutu uli ku Joni?" Funso labwino. Tinagwirizana kuti pepala asayine amalume ndi mayi aang'ono, mwana wa agogowo amene amawasamalira, koma m'mawa uliwonse tisanayatse kamera ndiziwafunsanso agogo, mayi aang'ono ali pomwepo. Akakana, tsikulo kulibe kujambula.

Chomwe sitinachiganizire ndi mphekesera. Inafala yoti kwabwera olemba maina a ndalama za ku Theba, moti pofika masana pakhonde panali madala angapo ndi amayi amasiye, mapepala ali m'majumbo a shuga: achikasu chifukwa cha ukalamba, odindidwa chala, okhala ndi manambala a ku mgodi. Ndalama zoterozo zilipo ndithu. Khoti la ku South Africa linavomereza mu 2019 chipukuta misozi cha R5 biliyoni kwa amene anadwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala) ndi TB m'migodi ya golide, ndipo chimayendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Koma ine si wa kumeneko, ndipo kujambula anthu akuganiza kuti ndikuwalembera ndalama kukanakhala kuwabera. Amfumu anaitanitsa anthu pabwalo ndipo ndinanena poyera kuti palibe ndalama, palibe kulemba maina, ndi kanema basi. Ena anachoka atakhumudwa kwambiri.

Pabwalo pomwepo ndinayala zipangizo zonse pa mphasa, mawaya, mahedifoni, nyali, kuti aliyense azione ndi kuzigwira. Tidzajambula usiku masiku ena, ndipo amene akukumbuka za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe akudziwa zomwe zimagwera mlendo woyenda mumdima ndi zinthu zosadziwika. Komanso nkhalamba yoyankhula yokha sichedwa kunenedwa za ufiti, ndipo sindikufuna kuti kanemayu apatse anthu chonenera.

Sabata yatha boma lalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Kumudzi kuno chimanga sichinachite bwino. Tizibwera ndi chakudya chathu, chokwanira ndi banja lonse. Thumba la chimanga ndagula K38,000.

13 Epulo 2024: kaseti

M'bokosi lachitsulo muli chipewa cha ku mgodi chong'aluka, jombo, ndi khadi yokhala ndi kachithunzi kawo ali mnyamata. Dzina la pa khadipo si lomwe amadziwika nalo kumudzi. Kalaliki wa ku Wenela analemba la bambo awo, molakwitsanso, ndipo agogo anakhala akuyankha dzina limenelo zaka zoposa 30.

Koma chinthu chachikulu chinatuluka kwa mayi aang'ono. Anandipatsa kachitini ka mabisiketi, m'kati muli kaseti yomwe agogo anatumiza kwa akazi awo m'zaka za m'ma 1980 kudzera kwa mnzawo wobwera kumudzi. Sinaimbidwepo kuyambira pomwe mwini wake anamwalira.

Inali yodwala paliponse. M'mphepete mwa tepi munali nkhungu yoyera, kasiponji kamene kamakanikiza tepi kanali katagwa, ndipo tepiyo inali itaduka pafupi ndi poyambira. Chikuto chake chinali chomata, osati cha masikuluu, choncho ndinachiswa ndi mpeni pang'onopang'ono m'mbali, n'kusamutsira timawilo take m'chikuto cha kaseti ina ya masikuluu yomwe kasiponji kake kanali bwino. Nkhungu ndinachotsa pozungulitsa tepi ndi cholembera, kansalu kofewa kouma kali pakati pa zala, kuchokera koyamba mpaka kothera. Sipiriti musamuthire pa tepi, ndi wotsukira mutu wowerengera ndi kawilo ka labala basi. Poduka paja ndinadula mbali zonse ziwiri mopendeketsa n'kulumikiza kuseri ndi kachidutswa ka selotepi kopyapyala, kometa bwino kuti ulimbo usatulukire m'mbali. Tepi yeniyeni yolumikizira sindinaipeze m'tauni. Selotepi si yokhalitsa, koma ine ndinkangofuna kuti idutse.

Wailesi ya kaseti ndinagula pa msika wa Lilongwe, K18,000. Lamba wake anali atasungunuka, ndipo wokonza mawailesi anaika wina pa K6,000. Poiyesa ndi kaseti ina pa magetsi, m'mahedifoni munkamveka kulira kwa huuu kosalekeza. Nditaika mabatire aakulu kunatha. Mabatirewo K9,000, ndipo akhale atsopano, chifukwa akamafooka tepi imayenda mochedwa, mawu n'kukhala aakulu kuposa a mwini wake. Waya unachoka pa polowetsa mahedifoni kupita ku H1n, WAV, 48kHz, 24-bit. Chojambulira chiyambe kujambula musanadine batani la wailesi, popeza simudziwa ngati tepi yotere ingalole kuimbidwanso. Mawu atayamba ankamveka otsekeka, ndipo ndinapotoza kasikuluu ka pambali pa mutu wowerengera mpaka anayera.

Muli mphindi 17. Mwamuna wamphamvu, wa mawu othamanga, akupereka moni kwa aliyense wa pamudzi pomutchula dzina, mmodzimmodzi, mpaka ana oyamwa. Akufunsa za mbuzi, za malata omwe anatumizira ndalama, akulonjeza kuti pa Khirisimasi afika. Kumbuyo kwake amuna ena akuyankhula Chifanakalo, chiyankhulo cha ku migodi, wina akutsokomola chifuwa chakuya. Kenako mawuwo amadukiza, chifukwa wina anadzajambulapo kwaya ya pa wailesi.

Woyamba kumvera anali mayi aang'ono, ali okha m'nyumba. Dzina lawo lilimo. Atatuluka anati tiigwiritse ntchito, koma maina a anthu asamveke, popeza ena ali moyo ndipo sanafunsidwe. Ndidzawadula, n'kusiya mpata wopanda mawu pamalo pa dzina lililonse, kutalika kwake kofanana ndi dzinalo.

18 Meyi 2024: kujambula pabwalo

Papepala ndinalemba kuti agogo adzakhala okha pabwalo lopanda munthu, kuli zii. Mudzi sukhala choncho. Pali mtondo, matambala, ana, chigayo cha dizilo kutsidya kwa dambo, wailesi ya oyandikana nawo, kabaza wodutsa. Tinapempha anthu kuti achoke kaye pabwalo ndipo akhale chete, iwo anavomera mwaulemu. Pasanathe mphindi zisanu agogo anayamba kutekeseka, kudzuka, kukhala, kuyang'ana uku ndi uku. Kenako anandifunsa kuti, "Iwe, kwagwa maliro kodi? Wamwalira ndani?" Tinazimitsa kamera, mayi aang'ono anaitana ana kuti abwerere, ndipo mtima wawo unakhala pansi mtondo utayambanso.

Kuyambira pamenepo sitithamangitsanso munthu. Kamera timaika patali, pafupi ndi nkhokwe, ndi lenzi ya 50mm, agogo ali pa kampando kawo pakati pa chithunzi, anthu n'kumadutsa kutsogolo ndi kumbuyo kwawo. Titaonera usiku pa laputopu ndi pomwe tinaona chomwe tinabwerera. M'chithunzi cha mphindi 11 munadutsa anthu ambiri, ndipo amene anawayankhula ndi mwana mmodzi wobweretsa phala. Si nkhanza ayi. Amawadyetsa, amawachapira, amawaotcha mbatata. Kungoti palibe choti n'kukambirana. Maliro, maukwati, njala ya 2002, milandu ya malire a minda, zonse zomwe anthu a msinkhu wawo amakumbutsana, zinachitika iwo kulibe, ndipo zomwe iwo akudziwa zinachitikira pansi pa nthaka ya dziko lina, m'chiyankhulo chomwe pano palibe wochimva. Kusungulumwa kwawo kuli pakati pa anthu, ndipo bwalo lopanda munthu lija likanakhala bodza.

Zovuta za zipangizo zinali izi. Kamerayi imadula yokha fayilo ikafika 4GB, zomwe ndi mphindi pafupifupi 12, choncho timaimitsa pa 11 n'kuyambanso. Padzuwa imatentha n'kuzima, ndipo ambulera yomangirira pa nsungwi yathandiza. Shutter ya 1/50 masana imalowetsa kuwala kochuluka, moti tinagula ND filter, kagalasi kochepetsa kuwala, ya K45,000. Mphepo ya ku Dedza inkawomba m'maikolofoni, ndipo ndinasoka chovalira chake kuchokera ku chidole chaubweya cha pa kaunjika, K2,000. Kamaikolofoni ka pa malaya agogo amakazula, ndiye H1n timaibisa m'lichero pansi pa mpando, titavundikira ndi chitenje.

Pofuna kudzalumikiza mawu ndi chithunzi timawomba m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera. Agogo amayankha powombanso m'manja mwaulemu, n'kuti "Zikomo, zikomo." Zimenezi ndazisunga mu kanemamo.

Akafika pa nkhani za pansi pa mgodi amasiya Chichewa n'kulowa Chifanakalo osadziwa, ndipo nthawi zoterozo amandiitana ndi dzina la mnzawo wa kumeneko. Ndimavomera.

18 Juni 2024

Tinali kumudzi pa 10 Juni pomwe wailesi inalengeza kuti ndege yomwe anakwera wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, yasowa. Mawa lake inapezeka itagwa ku Chikangawa, onse asanu ndi anayi atamwalira. Mudzi wonse unaunjikana pa wailesi. Agogo anamva mawu oti ndege yagwa, ndipo kwa iwo chaka chinabwerera ku 1974. Anayamba kutchula maina, kufunsa ngati mndandanda wafika ku hositelo, kunena kuti wina anamubwereka sutikesi ndipo anakwera ndege imeneyo. Analira mokweza, chinthu chomwe mayi aang'ono akuti sanachionepo.

Kamera inali m'chikwama ndipo inakhala momwemo. H1n inali m'lichero ikujambula kuyambira m'mawa, ndipo zonse zinalowa. Fayiloyo ndaiika payokha. Tinaimitsa ntchito mpaka maliro ataikidwa dzulo ku Nsipe, ku Ntcheu.

20 Julayi 2024: pulojekita

Gawo la usiku ndi loonetsa kachithunzi ka pa khadi kaja pa khoma la nyumba, kenako pa malaya oyera omwe agogo avala. Kachithunziko n'kakang'ono ngati chidindo cha pa kalata, choncho tinakasikana pa 1200 dpi m'tauni, K3,000.

Pulojekita yoyamba, yobwereka pa K30,000, inali ya DLP. Ndi maso chithunzi chinali bwino, koma m'kamera munkayenda mizere yopingasa kuchokera pamwamba kutsika. Mtundu umenewu uli ndi kawilo ka mitundu kozungulira m'kati, ndipo kamera imakagwira. Kusintha shutter kunangochepetsa. Tinabwereka ina ya LCD kutchalitchi ndipo mizere inatha. Mukamabwereka pulojekita, pitani ndi kamera mukaiyesere pomwepo.

Moto unavutanso. Batire ya galimoto ndi inveta yaing'ono sizinapirire ola, ndipo inveta inkalira mpaka kulowa m'mawu. Tinatenga jenereta ya kugolosale, K15,000 usiku umodzi kuphatikiza petulo wathu wa K2,530 pa lita, n'kuiika kuseri kwa khola ndi waya wautali. Phokoso lake linkafikabe, moti mawu a usiku, nkhululu ndi agalu akutali, tinajambula padera jenereta itazima. Kuzizira kwa ku Dedza mu Julayi kumatha mabatire a kamera msanga, ndiye osagwira ntchito timawasunga m'thumba la m'kati mwa jekete. Nkhungu imachita mame pa lenzi. Kupukuta sikuthandiza, imabwereranso. Tinakulunga botolo la madzi ofunda m'sokisi n'kulimangirira pansi pa lenzi.

Amfumu ndi anthu ambiri analipo, monga tinagwirizanira. Agogo tinawaveka bulangete mpaka nthawi yeniyeni yojambula. Nkhope ija itaoneka pa khoma, yaikulu kuposa chitseko, anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ameneyu ndimamudziwa. Tinali limodzi ku Carletonville. Anali wolimbikira ntchito." Mayi aang'ono anagwada pambali pawo n'kuti, "Ababa, ndinu amene." Iwo anaseka n'kuti, "Iyayi, ine ndinali wamtali kuposa ameneyu."

Zoonetsa pa malaya tinachita mphindi zochepa chabe, chifukwa kuwala kunkawalasa m'maso. Tinatsitsa pulojekita kuti nkhope ya mnyamata ithere pa khosi lawo.

10 Ogasiti 2024: chitsime ndi khadi yabodza

Mgodi tilibe, ndipo sindikufuna kunamizira mgodi ndi zithunzi. Pansi pa nthaka padzamveka ndi makutu okha. Tinatsitsa H1n m'chitsime chakale chouma, itamangidwa m'kachidebe pa chingwe, n'kuimba mawu a pa kaseti aja pa kasipika pakamwa pa chitsimecho. Zomwe zinajambulidwa pansi ndi mawu omwewo, koma otalikira, ozungulira m'makoma. Pa kompyuta sindikanapeza zotere. Munthu asalowe m'chitsime chakale, mpweya wa pansi umapha.

Tsiku lomwelo tinajambula zambiri kuposa masiku onse osakhuthula khadi, ndipo madzulo mafayilo omalizira anakana kutseguka. Pulogalamu ya PhotoRec inabweza oyambirira okha. Nditaiyesa khadiyo ndi pulogalamu ya H2testw zinaoneka kuti ndi yabodza: yalembedwa 64GB koma malo enieni ndi pafupifupi 16GB, ndipo chilichonse chopitirira pamenepo chimangotayika kamera ikuonetsa ngati zonse zili bwino. Miyezi yonseyi sitinadziwe chifukwa tinkakhuthula tisanafike malirewo. Inzake ndi yeniyeni. Khadi iliyonse yatsopano iyesedwe isanalowe m'kamera, kuyesako ndi kwaulere.

Chomwe chinatayika chimandiwawa mpaka lero. Agogo anatulutsa okha jombo zija, natenga madzi m'beseni n'kuyamba kuzitsuka mosamala, chala chikulowa m'mizere ya kuphazi, akuimba chapansipansi. Sitinawauze, ndipo sangabwereze, munthu wotere sumuuza kuti chitaninso. Mawu okha ndiwo alipo, madzi, kukhula, kanyimbo. Mu kanema gawo limeneli lidzakhala mdima wa masekondi 90, mawu akumveka.

Khadi ina K35,000. Ndagulanso hard drive yachiwiri, K180,000, ndipo imagona kunyumba ina.

28 Seputembala 2024: pa kompyuta

Polumikiza kanema ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya DaVinci Resolve yaulere pa laputopu ya 8GB RAM. Mafayilo a H.264 ochokera m'kamera ankadumphadumpha, choncho ndinapanga ma proxy (makope opepukira kompyuta) a DNxHR LB, ntchito yomwe inatenga usiku wonse. Magetsi akumazima kawirikawiri ndipo batire ya laputopu ndi yotha, ndiye ndayatsa Live Save ndipo ndimagwira ntchito pakati pa usiku pomwe moto umakhalako.

Kulumikiza koyamba kunatuluka mphindi 41. Anzanga ochepa amene anaonera anapempha chinthu chimodzi: mawu a wofotokoza, kuti munthu adziwe zomwe zikuchitika. Ndinalemba, ndinajambula, ndinaikamo. Zonse zinamveka bwino, koma agogo anasanduka chitsanzo cha phunziro la mbiri, ndipo woonera ankadziwa zambiri kuposa iwo eni. Ndinachotsa. Woonera asochere pang'ono monga momwe iwo amasocherera. Chomwe ndasiya ndi mizere itatu yolembedwa koyambirira, ya zaka ndi malo, kuti mlendo asayambire mumdima weniweni.

Mawu a pa kaseti ndinayesa kuwachotsa phokoso mu Audacity. Phokoso linatha, koma munthu ankamveka ngati akuyankhulira m'madzi. Ndinabwerera ku oyamba aja n'kungodula zapansi pa 80Hz. Kufwenthera kwa tepi kukhale, ndi zaka zake zimenezo. Mipata ya maina ndaidzaza ndi kufwenthera komweko kochokera pomwe tepi ilibe mawu, chifukwa chete weniweni wa kompyuta ankamveka ngati sipika yawonongeka.

Pa chithunzi chimodzi cha pabwalo wailesi ya oyandikana nawo ikuimba nyimbo yodziwika bwino. Kuisiya kukufuna chilolezo cha eni ake kudzera ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso, ndipo ndalama ya zimenezo ndilibe. Ndaikapo mawu a pabwalo a tsiku lina. Kwaya ya pa kaseti sindinaigwiritsenso ntchito.

12 Okutobala 2024: fayilo ya Juni

Ndinaimvera ndi mayi aang'ono ndi amalume. Palibe kukayika kuti ndi mawu amphamvu kuposa onse omwe tili nawo. Koma m'mawa wa tsiku limenelo agogo anavomera kujambulidwa ali pa mpando wawo, sanavomere kulira kwawo, ndiponso maliro anali a dziko lonse ndi a mabanja ena amene akulirabe. Tagwirizana kuti kulirako kusalowe. Chalowa ndi chiganizo chimodzi cha pambuyo pake, atatonthola, pomwe akufunsa modekha ngati sutikesi ija inapezeka. Fayilo yonse ndapereka kwa mayi aang'ono pa flash, ndipo kwanga ndafufuta.

Kanema watsika kufika mphindi 19.

16 Novembala 2024: kuonetsa kumudzi

Ndinalonjeza pabwalo paja kuti oyamba kuonera adzakhala iwo. Mafuta asowa m'dziko muno, mizere ya magalimoto ikugona pa malo omwetsera, minibasi yakweza mtengo, ndipo petulo wa jenereta ndinagula kwa mavenda a zigubu pa mtengo woposa kawiri wa pa pampu. Nsalu yoyera tinaikhoma pa khoma lomwe lija.

Achinyamata ena anachoka pa chithunzi chachitali cha pabwalo, akuti palibe chikuchitika. Pa mdima wa jombo wina anakuwa kuti jenereta yazima, anthu n'kuseka, koma atamva madzi anakhala chete. Ndaona kuti mdimawo uyenera kuyamba mawu atayamba kale, kuti anthu adziwe kuti ndi dala. Ndakonza zimenezo posuntha mawu masekondi anayi.

Pa kaseti panachitika chomwe sindinakonze. Mawu aja akati "Moni kwa," n'kufika pa mpata, amayi achikulire ankatchula dzinalo mokweza, chifukwa ndondomeko ya mabanja amaidziwa, nyumba ndi nyumba. Ena mwa otchulidwawo anali pomwepo ndipo ankavomera. Ena ali kumanda, ndipo pa maina awo mawu ankatsika. Mipata ina inali yaifupi moti sankamaliza kutchula, choncho ndaitalikitsa yonse pang'ono, ngakhale kwina kulikonse kudzakhala kopanda woyankha.

Agogo anaonera mbali, mbali ina anagona. Mayi aang'ono anapempha kuti ndichotse pomwe phala likutayikira pa malaya a bambo awo. Chinali chithunzi chabwino kuwala kwake, ndipo ndachichotsa.

7 Disembala 2024: pomwe tafika

Kanema ali pa mphindi 18. Ndalama zonse zapitirira pang'ono K1,300,000, ndipo gawo lalikulu kuposa chipangizo chilichonse ndi mayendedwe ndi chakudya. Amene akukonza bajeti ayambire pamenepo, osati pa kamera.

Mawu olembedwa pansi a Chichewa kupita ku Chingerezi ndamaliza. A Chifanakalo akundithandiza ndi mmodzi mwa madala amene anabwera ndi mapepala tsiku lija, amene anagwira ntchito ku Welkom. Ndikuwalipira K20,000. Timamvera pa foni chiganizo chimodzichimodzi, iwo n'kumasulira. Malo awiri akuti agogo asakaniza ndi Chisutu ndipo iwonso sakumva, ndiye pamenepo pakhala popanda mawu olembedwa mpaka titapeza wodziwa.

Zatsala ndi kukapereka kanemayu ku Censorship Board tisanamuonetse pagulu m'tauni, kupangira banja kope laling'ono lotseguka pa foni, ndi kusakaniza mawu komaliza. Mpaka pano ndamvera pa mahedifoni okha, ndipo mawu a m'chitsime amatayika pa sipika zazing'ono. Ndikufunafuna situdiyo ku Lilongwe yokhala ndi masipika abwino yomwe ingandilole kukhalamo masana amodzi pa K40,000, yomwe ndi ndalama yatsala.